Maliro a Chitseko cha Abiti Jaffalie

Pulani yonse inabadwira pa kachasu, kuseri kwa nyumba ya mayi Agatha, dzuwa lili paliwombo. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti wina asaganize kuti tinabadwa opusa. Tinali titamwa.

Tinalipo atatu. Woyamba Gilford, amene tinkamutcha Pulani. Iyeyu anagwirapo ntchito yonyamula makwerero kwa omanga nyumba za boma, mpaka tsiku limene chitini cha penti chinasochera n'kukapezeka pansi pa bedi lake. Kuntchitoko anachokako ndi dasikoti ya khaki komanso Chingerezi chokwanira kuopsezera munthu wa kumudzi. Wachiwiri Ambrose, Thirakita, munthu wonyamula thumba la chimanga uku akusenda nzimbe, koma ukamufunsa funso mwadzidzidzi mutu wake umazima. Wachitatu ndine, Simioni. Dzina loti Kambuku ndinadzipatsa ndekha, ndipo anzangawo ankaliitana akuseka chifukwa anandionapo ndikuthawa bakha pamsika.

Tonse tinali ana a anthu obwera. Bambo anga anali msilikali wochokera ku Ntcheu, bambo ake a Pulani mphunzitsi wa ku Dowa, bambo ake a Thirakita ankagwira ntchito kuchipatala. Tinakulira pa Mangochi Boma pomwepo, koma anthu a kwa Mponda tinkangowadziwa pogula nsomba. Tinkaganiza kuti kudziwa mtengo wa chambo ndiye kudziwa anthu.

“Aise,” anatero Pulani akupukuta kukamwa, “kwa Mponda kuli njinga yamoto yopachikidwa pa mahinjesi. Ikungodikira eni ake, ndipo eni akewo ndi ife.”

Ankanena chitseko. Kufupi ndi mtsinje kunali nyumba yakale yamiyala, yomangidwa ndi wamalonda wina wochokera kunyanja yamchere azungu asanabwere. Nyumbayo inali itatopa: denga lodontha, makoma ong'aluka, mkuyu utamera pakona. Koma chitseko chake chinali china. Chinali cha mbali ziwiri zokumana pakati, cha mlombwa wakuda, chogobedwa maluwa ndi nsomba, chokhomedwa misomali yamkuwa ya mitu ngati mazira. Thomson, tchona wina wobwera kuchokera ku Joni amene ankagulitsa ziboliboli kwa alendo a m'mahotela a kunyanja, anauza Pulani kuti pali mzungu amene chitsekocho chikumusowetsa tulo. Ife tingochifikitsa pamsewu waukulu, iye adzatidikira ndi galimoto pansi pa mlambe, ali ndi ndalama zokwana kugula njinga yamoto.

Ndinafunsa za mwini nyumba. Pulani anati ndi nkhalamba imodzi, mayi Zena, odziwika kuti Abiti Jaffalie, mdzukulu wa womanga uja, ndipo amakhala okha. Chinanso, akuluakulu a pa Boma anali atalemba ekisi wamkulu wofiira pakhoma: nyumbayo ikapanda kukonzedwa mvula isanagwe, aigwetsa isanaphe munthu. Ndiye ife tikapita masana, poyera, ngati anthu otumidwa ndi boma kudzakonza nyumba zakale. Masiku amenewo munthu wovala dasikoti ndi baji ya chipani pachifuwa sankafunsidwa kuti watumidwa ndi ndani.

“Tikagogodagogoda khoma, tizule chitseko, zayera,” anatero Pulani. “Pofika Loweruka tikumwa wa m'botolo.”

Tinawombana m'manja. Mayi Agatha, amene ankamva zonse akutsuka matambula, anangoti tiwalipiriretu.

Abiti Jaffalie tinawapeza atakhala pakhomo penipenipo, akusankha mpunga m'lichero. Anali aafupi, owuma, maso akuthwa. Pulani anawaponyera Chingerezi chake chonse, kenako anamasulira yekha. Iwo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kubaji, n'kunena kuti alhamdulillah, akhala akupempha amuna a m'mudzimo kuti awathandize ndipo aliyense amati mawa. Anatiuza kuti anabadwira m'nyumbamo, mayi awo anafera momwemo, ndipo sakufuna kukafera pakhonde la mkamwini ku Chowe. Thirakita anayamba kufwenthera. Ndinamuponda phazi.

Titayandikira chitseko, tinaona vuto loyamba. Khoma la pamwamba pake linali litatsika n'kuchipana. Mbali imodzi inkatseguka pang'ono moti munthu ankalowa chammbali, inayo sinatsegukepo chichokereni azungu. Thirakita anayesa kuchikankha ndi phewa, dothi linayoyoka kuchokera pamwamba, mwala unagwa n'kuphonya mutu wa Pulani pang'onong'ono.

Pulani anatikokera pambali. Anati palibe chodetsa nkhawa, m'pulani munali kale zimenezi. Tichirikize khoma ndi milimo, tilimangenso pamwambapo, chitseko chimasuka chokha.

Kumanga khoma kunafuna miyala. Miyala inali kuphiri. Titaibweretsa, Pulani anati tipeze simenti, koma Abiti Jaffalie anakana kwamtuwagalu: agogo awo anamangira laimu wa zigoba za nkhono, ndipo nyumba yawo sidya zachilendo itakalamba. Ndiye madolo atatu a pa Boma tinapezeka tikutola zigoba m'mphepete mwa Shire, asodzi akutiseka m'mabwato. Tinazitentha, tinazisinja, tinapondaponda ndi mchenga mpaka mapazi anasupuka. Khoma litakwera, iwo anati n'kupusa kumanga khoma pansi pa denga lodontha. Tinakwera padenga. Titatsika, anatilozera mkuyu uja.

Loweruka la Pulani linadutsa, linabwera lina, linadutsanso. Tsiku lililonse tinkafika m'mawa tisanalawe dontho, chifukwa nkhalambayo inkanunkhiza mowa munthu ali kutsidya kwa msewu. Anali kapitawo woopsa kuposa onse amene ndinawathawapo. Ankayenda ndi kandodo, akugogoda pulasitala wanga, pomveka mphako ankati ndigumule. Koma masana ankatiphikira mpunga wa utaka, n'kumatiyang'ana tikudya ngati ana awo. Thirakita ankamuwonjezera kawiri.

Apa ndiyenera kunena chinthu chochititsa manyazi kwa mbava: ntchito ija inayamba kundikoma. Ndinapezeka ndikukangana ndi Pulani kuti kona yake yapendama. Tsiku lina ndinabwerera panjira kukaphimba laimu kuti asaume. Ndili m'njira ndinadzifunsa kuti kodi Kambuku, iwe unabwera kudzaba kapena kudzakwatira?

Pomaliza tinachotsa milimo ija, khoma linaima lokha. Thirakita anakankha chitseko ndi chala chimodzi, mbali zonse ziwiri zinatseguka, kuwala kunalowa mpaka kuchipinda. Abiti Jaffalie anabweretsa mafuta a nsatsi kuti tichipake. Tinachipaka mpaka nsomba zogoba zija zinayamba kunyezimira. Pulani anandinong'oneza kuti mtengo wakwera.

Panatsala vuto limodzi. Pakati pa nyumbayo ndi mlambe wa Thomson panali msika, ndipo pamsikapo pankakhala ayufi a malaya ofiira, ofunsa makadi a chipani ndi kusuzumira mtolo uliwonse. Tinabwerera kwa mayi Agatha kukaganiza. Tambula yachiwiri isanathe, Pulani anamenya tebulo.

“Ndani anaimitsapo maliro kuti aone kadi?”

Tinamuyang'ana ngati mneneri. Anati iye anthu a kuno amawadziwa bwino. Sanyamula maliro m'bokosi, amanyamula pa jeneza, chithatha chokutidwa ndi nsalu, ndipo amayenda mofulumira. Tisanjikize mbali ziwiri za chitseko pa nsungwi, tipinde mabango pamwamba, tifunditse nsalu. Tichite Lachisanu masana, amuna onse ali mumzikiti, njira ili mbee. Mwayi wake, Lachisanu lomwelo Abiti Jaffalie anati apita ku Chowe kukauza mwana wawo kuti nyumba yachira.

Tinabwereka mikanjo ndi mizuli kwa telala wina, tinamuuza kuti ndi za sewero la kusukulu. Nsalu yobiriwira tinavundukula patebulo la mayi Agatha. Ine mtima unkandiluma ndikaganiza za mpunga wa utaka uja, koma ndinauuza kuti njinga yamoto ilibe chisoni.

Lachisanu nkhalamba inanyamuka ndi kamtolo kake, inatisiyira mbatata yophika, n'kutiuza kuti tisamale pakhomo. Tinadikira mpaka kuitana kwa kumzikiti kutamveka, tinayamba kumasula. Apa m'pamene luso lathu linatipweteka. Mahinjesi aja tinali titawalimbitsa tokha, ndipo ineyo ndinali nditawakhomerera ndi mtima wonse. Tinatuluka thukuta, sikuludiraiva inapindika, Pulani anatukwana mmisiri amene anachita zimenezi mpaka anakumbukira kuti ndine. Pamene chitseko chinkagona pa nsungwi, nthawi inali itapita.

Jeneza imafuna anthu anayi, ife tinali atatu. Ine ndi Pulani tinagwira kutsogolo, Thirakita anatenga nsungwi zonse ziwiri kumbuyo. Mlombwa ndi wolemera, abale. Tinayenda, mkanjo ukundikola m'miyendo.

Pamsika zinayenda monga mwa pulani. Ayufi anaimirira n'kuvula zipewa. Amayi ogulitsa tomato anakhala pansi. Wa njinga anatsika. Pulani ananditsinzinira diso, ndipo ine ndinayamba kumva kulira kwa njinga yamoto m'makutu. Titangokhota pa chigayo, tinakumana ndi mzikiti wonse ukutuluka.

Sitinathe kubwerera. Tinaweramitsa mitu n'kupitirira, tikuganiza kuti apatuka ngati ayufi aja. Sanapatuke. Bambo wina wa ndevu zoyera anabwera osalankhula, analowetsa phewa lake pansi pa nsungwi yanga n'kundisuntha mwaulemu. Ndinakakamira. Ndinati ndikwanitsa, achimwene, musavutike.

“Musatimane sawabu, mwanangu,” anatero. “Mphotho ya kwa Mulungu sadya munthu mmodzi.”

Ndinapezeka ndili chimanjamanja. Pulani naye anali atachotsedwa. Thirakita analimbana nawo pang'ono, koma malo ake analowapo anthu awiri. Chimene Pulani, katswiri wa anthu a kuno, sankadziwa n'chakuti kwa Mponda jeneza ikamadutsa, mwamuna aliyense amaithamangira kuti anyamuleko, ngakhale masitepe ochepa, ngakhale wakufayo sakumudziwa. Wina akanyamula pang'ono, wina amamulandira. Chitseko chathu chinayamba kuyenda pamapewa a anthu ngati bwato pamadzi, ife tikuthamanga pambuyo.

Mnyamata wina atalandiridwa anabwera akutikita phewa, n'kunena kuti malemuwa Mulungu anawadalitsa ndi thupi. Kenako anafunsa funso limene tonse tinaiwala kulikonzekera. Sanafunse Pulani, sanafunse ine. Anafunsa Thirakita kuti watisiya ndani.

Ndinaona mutu wa Thirakita ukuzima. Anatsegula pakamwa, anayang'ana kumwamba, n'kutchula dzina lokhalo la Chisilamu limene linali pafupi.

“Abiti Jaffalie.”

Dzinalo linathamanga kuposa jeneza. Amuna anayamba kupukusa mitu, ena akudandaula kuti bwanji sanauzidwe. Wina anati n'zomvetsa chisoni, amwalira nyumba yawo itangotsala pang'ono. Anyamata anatumidwa kuti athamange ndi makasu akayambe kukumba. M'makomo amayi anayamba kulira. Ife tinayenda pakati pa gulu, anthu akutigwira m'manja, kutithokoza kuti ngakhale ndife a boma tawasamala mayiwo mpaka mapeto. Pulani ankangoyankha kuti ndi ntchito yathu.

Pamphambano, njira ya kumanzere inkapita kumsewu waukulu, ya kumanja kumanda. Mlambe unkaoneka, galimoto ya Thomson ili pansi pake. Pulani anathamangira kutsogolo n'kuyesa kulozera kumanzere, akuti malemu anasiya mawu oti akaikidwe ku Monkey Bay. Palibe anamumva. Jeneza inakhotera kumanja. Thomson, amene anali atavula chipewa mwaulemu, anazindikira nsalu ya patebulo la mayi Agatha, kenako anazindikira Pulani mu mkanjo. Anavala chipewa chake, analiza galimoto, ndipo mpaka lero sindinamuonenso.

Pafupi ndi manda, Shehe Atumani, amene ankabwera pambuyo chifukwa cha miyendo, analamula kuti jeneza itsitsidwe pamthunzi. Anafunsa modekha kuti mayiwa amwalira nthawi yanji, ndipo awasambitsa ndani popeza amayi onse a m'mudzi akuti sanaitanidwe. Onse anatembenukira kwa ife. Pulani anatsokomola, anayamba kufotokoza kuti boma lili ndi njira zake zatsopano.

Sanamalize. Kumbuyo kwa gulu kunamveka mfuu, amayi akubalalika, wina atataya ndowa. Lole ya matola yopita ku Chowe inali itafera pa mlatho, ndipo Abiti Jaffalie, atatopa kudikira, anaganiza zobwerera kwawo. Panjira anaona maliro, anapatuka n'kukhala pansi monga mwa ulemu, n'kufunsa mayi woyandikana naye kuti wamwalira ndani. Mayiyo anayankha asanatembenuke. Atatembenuka, ndiye mfuu ija.

Gulu linang'ambika pakati. Nkhalamba inadutsa ndi kamtolo kake pamutu, kandodo m'manja, osafulumira. Inafika pa jeneza, inayang'ana Shehe, inayang'ana ife, n'kukoka nsalu. Mabango anagwa. Nsomba zogoba zija zinanyezimira padzuwa, mafuta a nsatsi amene tinapaka tokha akununkhira.

Iwo anawerama, anasisita chitsekocho ngati akupukuta nkhope ya mwana. Kenako anandiyang'ana ineyo, osati Pulani, osati Thirakita. Sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo, ngakhale tsiku la bakha lija.

Ndiye ndinachita zimene kambuku amachita zikavuta: ndinathawa. Koma munthu amene sanakulire mu mkanjo asamathamange nawo. Ndinadumpha chitsamba chimodzi, chachiwiri chinandikola, ndinagubuduzika n'kugwera m'dzenje limene anyamata aja anali atayamba kukumba. Anandiyang'ana ali ndi makasu m'manja. Mmodzi anafunsa mnzake ngati apitirize.

Pamene ankanditulutsa, Pulani anali atagwidwa kale ndi ayufi aja, amene anatsatira maliro kuchokera kumsika chifukwa cha chisoni. Thirakita sanathawe n'komwe. Anali atakhala pansi akulira, akuti iye anasangalala kuona anganga ali moyo.

Anthu ena ankafuna atiphunzitse ndi manja, koma Abiti Jaffalie anakweza kandodo. Anatembenukira amuna onse aja, amikanjo yoyera, a mapewa ofumbira, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikukupemphani kuti mundinyamulireko mwala umodzi,” anatero. “Aliyense msana, aliyense mawa. Kani mumadikira ndife kuti mundinyamule? Akubawa ndi amene andimangira khoma.”

Bambo wa ndevu zoyera uja ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

“Mwandinyamula bwino, sikomo. Tsopano mundibweze kwathu.”

Chitseko chinabwerera momwe chinapitira, paphewa ndi paphewa, koma ulendo uno chosafunda, ndipo aliyense ankalimbirabe kuti anyamuleko. Ife tinatsatira pambuyo titamangidwa ndi chingwe chimodzi, chomwe tinamangira nsungwi. Atafika, amuna aja anaona khoma latsopano, denga losadontha, ndi ekisi wofiira akadali pamenepo. Tsiku lomwelo ena anapita kuphiri kukatenga miyala. Pofika pa mahinjesi anandimasula manja kuti ndikhome ndine, chifukwa nkhalamba inati wina aliyense apendamitsa.

Kukhoti nkhani sinatalike. Mboni zinali mzikiti wathunthu, ayufi, telala wofuna mikanjo yake, ndi mayi Agatha wofuna nsalu yake. Woweruza anafunsa Abiti Jaffalie ngati ali ndi mawu. Iwo anati anyamatawa ndi akuba, awamange ndithu, koma khoma la kuseri silinathe ndipo mitambo yayamba kusonkhana. Anapempha kuti aziwabwereka.

Ndiye m'mawa uliwonse tinkatuluka m'ndende pamzere, titavala zoyera za akaidi, msilikali wa mfuti ali pambuyo, ulendo wa kwa Mponda. Amuna a m'mudzi ankatipatsira miyala, ife tikumanga. Pulani anasiya Chingerezi. Nkhalamba inkamuwonjezerabe Thirakita mpunga, ine ayi: mbale yanga inkabwera yosadzaza, ndipo sindinadandaule. Bwana wa pa Boma, mmodzi wa olemba ekisi aja, atabwera kudzaona, anazungulira nyumba yonse, anagogoda makoma, n'kunena kuti iyi ikhala kuposa ofesi yake. Atachoka, nkhalamba inandipatsa bulashi ndi ndowa ya laimu, n'kundilozera ekisi uja. Ndinamupaka katatu mpaka kufiira konse kunazimirira. Usiku wa tsiku lotsatira mvula yoyamba inagwa, ndipo m'mawa anatiuza kuti anagona osasuntha mphasa.

Masiku ano alendo amabwera kudzajambula chitsekocho. Akafunsa kuti anakonza nyumbayi ndani, Abiti Jaffalie amayankha kuti ndi anyamata atatu otumidwa ndi boma. Sanama ayi. Ife tinangofulumira kunena. Boma linatitumadi, ndipo linatipatsa ndi yunifolomu yomwe.